Tchire la kwa Luembe: Zoti Banja Lizilemba Chaka Chonse

Abambo ndi amayi a m'dziko la Mfumu Yaikulu Luembe, khalani ndi kope limodzi pakhomo, ndipo mwana wa sukulu azilembamo zomwe mwaona kutchire: tsiku, malo, nyama kapena mtengo. Midzi yathu yayandikana ndi mtsinje wa Luangwa komanso malo osungirako nyama a West Petauke, choncho nyama zimayenda pakati pathu, ndipo zimayenda potsata nyengo.

Njovu ndizo zofunika kuzilemba mosamala. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, chimanga chikamakhwima, zimafika m'minda usiku, ndipo kawirikawiri zimabwereza njira yomwe zinadzera chaka chatha. Lembani komwe mwapeza mapazi ndi ndowe, nthawi yomwe zalowa, ndi mbali ya munda yomwe zayambira. Chaka chamawa mudzadziwa pomanga nsanja ndi pozunguliza chingwe chopaka tsabola ndi oyilo wakutha, chimanga chisanache. Zikakuonongerani mbewu, kopelo mupite nalo kwa anyakwawa, kwa a bungwe la anthu a m'midzi loyang'anira zachilengedwe (CRB) ndi kwa a dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire (DNPW). Musazithamangitse nokha, makamaka njovu ya mwana.

Mvula ikayamba kumatuluka inswa ndi bowa. Bowa womwe akuluakulu sakuudziwa musaudye.

Msangu uli ndi khalidwe lakelake: umayoyola masamba m'dzinja, n'kuphuka m'chilimwe. N'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake, ndipo tikukupemphani ndithu kuti musaudule. Koma nyemba zake zikamagwa m'chilimwe zimaitana njovu, monganso masau akapsa cha m'ma Juni ndi Julaye. Ana asapite okha kokatola.

Oweta njuchi, lembani mwezi womwe mombo ndi mtondo zachita maluwa kwanuko, pakuti uchi umatsata maluwawo. Mng'oma wa khungwa umapha mtengo wonse. Funsani alangizi a bungwe la COMACO za ming'oma ya matabwa.

Ngati mukutentha tchire, chitani m'Meyi kapena Juni udzu ukadali wauwisi pang'ono. Moto wa mu Okutobala umapsereza timitengo tongophuka ndi zisa za mbalame. M'mwezi womwewo madzi a mu Luangwa amachepa kwambiri, mvuu ndi ng'ona zimaunjikana m'maiwe otsala. Amayi otunga madzi ndi asodzi adziwitsane maiwe omwe ng'ona yaoneka, ndipo dzina la dziwelo lilembedwe m'kope tsiku lomwelo.