Za Kaundula wa Wodwala pa Intaneti: Phunziro la Akhristu ndi Akatekisiti

M'Malawi muno palibe munthu wosadziwa kabuku ka kuchipatala. Mayi amakakulunga m'pepala la pulasitiki, nakasunga m'sutikesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo. M'menemo dotolo amalemba matenda, mankhwala, ndi tsiku lobwereranso. Koma kabukuka kali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, kamatayika: chiswe chimadya, moto umatentha, ndipo pa namondwe Freddy wa mu 2023 anthu ambiri a kummwera adataya mabuku awo pamodzi ndi nyumba zomwe. Chachiwiri, mwini wake kawirikawiri satha kukawerenga, pakuti zolemba za dotolo nzothamanga ndi zachidule. Kotero wodwala amasenza mbiri ya thupi lake monga mtengatenga asenzera kalata yomata.

1. Khomo latsopano

Masiku ano zipatala zambiri zimalemba mbiri ya odwala pa kompyuta. M'dziko muno nchito imeneyi idayamba mu 2001, pamene bungwe la Baobab Health lidaika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Koma kaundula wotere ndi wa madotolo ndi anamwino, wodwala sasuzumiramo. Tsono maiko ena adaboola khomo lachiwiri loyang'ana kwa wodwalayo. Pachingerezi amalitcha portal, ndiye kuti khomo. Munthu amalowa pa foni kapena pa kompyuta, atalemba dzina lake ndi nambala yachinsinsi, monga achitira pa Mpamba kapena Airtel Money. Atalowa amaona zotsatira za magazi ake, maina a mankhwala ndi muyeso wake, katemera amene adalandira, ndi mau amene dotolo adalemba za iye. Angathenso kupempha tsiku loonana ndi dotolo, kapena kuitanitsa mankhwala akatsala pang'ono kutha.

Dziko la Denmark lidatsegula khomo lotere mu 2003. Ku England boma lidatulutsa NHS App mu 2019, ndipo Amalawi okhala kumeneko ali nalo m'mafoni mwawo. Ku America, kuyambira mu April 2021, lamulo limaletsa zipatala kutsekereza wodwala zolembedwa zake popanda chifukwa chomveka. Chimene chafika kwa ana a Amalawi okhala kunja sichili patali ndi mudzi wa makolo awo. Nchifukwa chake nkwabwino kuchidziwiratu.

2. Phindu lake

Poyamba madotolo ambiri adaopa, poganiza kuti odwala akawerenga zolembazo adzasokonezeka, ndipo adzawatopetsa ndi mafunso. Mu 2010 Tom Delbanco ndi Jan Walker a ku Boston adayesa zimenezi pa nchito yotchedwa OpenNotes. Madotolo 105 a ku Boston, ku Pennsylvania ndi ku Seattle adalola odwala awo kuwerenga zimene iwo adalemba. Zotsatira zidatuluka mu 2012. Mwa odwala 100 alionse amene adayankha, 77 kufikira 87 adati tsopano akumva kuti chisamaliro cha matenda awo chili m'manja mwawo. Mwa amene ankamwa mankhwala, 60 kufikira 78 adati ayamba kumwa mokhulupirika koposa kale. Pafupifupi onse adapempha kuti khomolo lisatsekedwe, ndipo panalibe dotolo ndi mmodzi yemwe amene adasankha kulitseka.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. M'chipinda cha dotolo munthu amakhala ndi mantha, pakhomo pali mzere wautali, ndipo mau ambiri amamupitirira. Amavomera ndi mutu, koma pofika kunyumba sakumbukanso ngati mbulu ija ndi ya m'mawa kapena ya madzulo. Zolembedwa siziiwala. Wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi akaona ndi maso ake kuti mwezi ndi mwezi muyeso ukukhala pamwamba pa 140/90, amamvetsa chifukwa chake dotolo adamletsa mchere wambiri, ndipo saleka mankhwala pongoona kuti mutu wasiya kuwawa.

Phindu lina ndi ili: wodwala amathandiza kukonza zolakwa. Pa kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2020, mmodzi mwa odwala asanu alionse amene adawerenga zolembedwa zawo adati adapezamo cholakwa. Dotolo ndi munthu, amatopa, angathe kulemba mwendo wamanzere m'malo mwa wamanja, kapena kuiwala kuti penisilini amamtulutsa wodwalayo ziwengo. Maso awiri aposa diso limodzi.

3. Ngozi zake

Ngozi yoyamba ndi kulandira uthenga woipa uli wekha. Kale dotolo ankakhazika munthu pansi asanamuuze za khansa. Tsopano zotsatira zingathe kufika pa foni pakati pa usiku, dotolo asanazione nkomwe, ndipo mau ake ndi ovuta. Wina angalire chifukwa cha nambala yopanda vuto. Wina angadzinyenge kuti wachira. Khomo limeneli sililowa m'malo mwa dotolo. Wosamvetsa abwerere akafunse, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo matenda adzidzidzi, monga kubanika, kutaya magazi, kapena mwana wokomoka, salembera uthenga: amathamangira kuchipatala.

Ngozi yachiwiri ndi kuululika kwa chinsinsi. Pa mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo aigwira bambo, mayi ndi ana omwe. Kabuku ka pepala munthu amakabisa pansi pa mphasa. Koma nambala yachinsinsi ikangodziwika, zonse zili poyera: za kachirombo ka HIV, za pathupi, za matenda a maganizo. Mbiri yotere ikatuluka pa mudzi sibwereranso, ndipo munthu wonyozedwa angaleke ngakhale kukatenga mankhwala ake poopa maso a anthu.

Ngozi yachitatu ndi kusiya m'mbuyo amphawi. Agogo osadziwa kuwerenga, akhungu, ndi onse opanda foni ya intaneti kapena ndalama zogulira bandulo, sangalowe pa khomo limeneli paokha. Komatu ndiwo amadwala kawirikawiri.

4. Zimene Eklezia aphunzitsa

Lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha kokha. Limalamulanso munthu kusamala moyo wake, pakuti thupi ndi mphatso yoikizidwa, ndipo mwini wake adzafunsa. Tsono Mkhristu amene wapatsidwa njira yodziwira za matenda ake ayenera kuigwiritsa nchito: awerenge, afunse, amwe mankhwala monga adalembera, asunge tsiku lobwerera. Kusadziwa kochita kufuna si kudalira Mulungu ai, ndi ulesi.

Lamulo lachisanu ndi chitatu limateteza mbiri yabwino ya mnzathu wa aliyense, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2491, amaika chinsinsi cha madotolo pakati pa zinsinsi zoyenera kusungidwa. Chinsinsi chimenechi sichitha mphamvu chifukwa chakuti chalembedwa pa foni. Mwamuna alibe ufulu wotsegula kaundula wa mkazi wake mwakuba, ngakhale mkazi wa mwamuna wake. Nzoona kuti a m'banja ayenera kuuzana zoona, makamaka pa matenda opatsirana. Koma zoona zimenezo zimaperekedwa mwa chikondi, sizibedwa usiku mnzako ali m'tulo.

Apa pali nchito yaikulu ya akatekisiti ndi onse oyendera odwala m'miphakati. Iwo ndiwo amapemphedwa kuwerengera okalamba makalata, ndipo ndiwo adzapemphedwanso kuwatsegulira foni. Katekisiti wotere asunge malangizo anai awa. Asatsegule popanda mwini wake kumpempha. Awerenge chokhacho chimene wapemphedwa, ndipo nambala yachinsinsi asailembe m'buku mwake. Asamasulire zotsatira ngati iye ndi dotolo, koma aperekeze wodwalayo kuchipatala. Potsiriza, zimene waona azikwirire mumtima: asauze mkazi wake, kapena a m'bungwe la tchalitchi, ndiponso asaziulule mochenjera pa mapemphero, pomati apempherere uje amene wapezeka ndi zakutizakuti. Akaona kuti wodwala akubisira mnzake wa m'banja matenda oopsa, amlangize mwini wakeyo kuti aulule yekha, ndipo zikakanika apemphe nzeru kwa bambo mfumu osatchula dzina. Katekisiti amene waulula kamodzi kokha watseka zitseko za odwala onse a m'dera lake, ndipo ena adzafa osaitana ndi wansembe yemwe.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi kaundula wa pa intaneti asiyana bwanji ndi kabuku ka kuchipatala?
2. Munthu akawerenga zotsatira zimene sakuzimvetsa, achite chiyani?
3. Pa banja la foni imodzi, chinsinsi cha wodwala chingasungike bwanji?
4. Ndani pa mphakati pano amene sangathe kudziwerengera yekha, ndipo ndani wokhulupirika amene angamthandize?