Nyanja ya M'galasi

Mwana aliyense wa ku Kasungu amadziŵa kusiyana kwa madzi a mumtsinje wa Bua ndi madzi a pachithaphwi. Madzi a mu Bua amayenda, ndipo kumunsi kwake, ku Nkhotakota, nsomba za mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kudzaikira mazira. Koma madzi ongoima, monga a m'zitsime za kudambo zothirira nazale ya fodya, akakhalitsa amachita ndere ndi kununkha. Munthu wofuna kuŵeta nsomba m'thanki ya galasi ayenera kukumbukira kusiyana kumeneku.

Kuŵeta nsomba zokongoletsa nyumba si nkhani yachilendo kuno ku Malaŵi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant ankatumiza mbuna zamoyo ku Ulaya kuchokera ku Senga Bay, m'boma la Salima. Mbuna ndi nsomba za m'madzi opanda mchere. Koma anthu ena amaŵeta nsomba za m'nyanja ya mchere pamodzi ndi makorali, tizamoyo timene timamanga matanthwe pansi pa nyanja, monga kuzilumba za Bazaruto ku Mozambique. Ulimi umenewu ngwovuta koposa. Lita iliyonse ya madzi imafuna pafupifupi magalamu 35 a mchere wapadera, ndiponso pamafunika zipangizo zosankhidwa bwino.

Chipangizo choyamba ndi sefa. Zonyansa za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'nyanja poizoniyu amasungunuka m'madzi ambiri, koma m'thanki yaing'ono amachulukana msanga ndi kupha nsomba. Sefa yabwino imagwira ntchito zitatu. Siponji imakola zinyalala. Miyala ya timaboŵo imasunga mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timachepetsa ukali wa poizoni uja. Makala apadera amachotsa fungo ndi mtundu wachikasu. Eni mathanki a mchere amaonjeza chipangizo chotchedwa protein skimmer, chimene chimapanga thovu lonyamulira litsiro m'kapu lisanawole.

Chipangizo chachiŵiri ndi pampu. Makorali sayenda, amangodikira mafunde kuti aŵabweretsere chakudya ndi mpweya ndi kuŵatsuka. Nchifukwa chake oŵeta ambiri amasankha pampu yotha kuzunguza madzi onse a m'thanki kakhumi kapena kuposa pa ola limodzi. Motero thanki ya malita 60 imafuna pampu ya malita 600 pa ola. Komabe mphamvu ikanyanya imavulaza makorali. Mapampu aang'ono aŵiri oyang'anizana amaposa imodzi yaikulu, pakuti madzi amavunduka ngati mafunde, osasiya ngodya ina ili zii.

Pali zinanso ziŵiri zoyenera kusamala. Magetsi akazima madzi amaima, ndipo mpweya umatha pa maola oŵerengeka. Choncho wanzeru amasunga kapampu koyendera mabatire. Chinanso, thanki yatsopano imayamba yakhala masabata 4 mpaka 6 yopanda nsomba kuti mabakiteriya aswane. Wopupuluma amataya nsomba ndi ndalama zomwe. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mafunso

1. Kodi madzi a mu Bua amasiyana bwanji ndi a pachithaphwi?
2. Tchulani ntchito zitatu za sefa.
3. Nchifukwa chiyani makorali amafuna madzi oyenda?
4. Thanki ya malita 80 ingafune pampu ya malita angati pa ola?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.

Ntchito

Boolani pansi pa chitini, ikanimo timiyala, makala ndi mchenga, kenaka thiranimo madzi amatope. Lembani zimene mwaona. Madziwo musamwe, pakuti kuyera kwake sikutanthauza kuti majeremusi atha.