Kugula Bata ndi Ufulu: Phunziro Lochokera ku El Salvador

M'chimangirizo chino ndiunika zimene zimachitika boma likapempha nzika kuti zipereke ufulu wawo pofuna kuthetsa umbanda. Chitsanzo changa ndi dziko la El Salvador, ku Central America.

Kwa zaka zambiri anthu a m'dzikoli ankazunzika ndi magulu a zigawenga a MS-13 ndi Barrio 18. Mu 2015, pa anthu 100,000 aliwonse, oposa 100 anaphedwa. Ochita malonda m'misika komanso oyendetsa mabasi ankapereka ndalama kwa zigawengazi kuti apulumuke. Mu Malichi 2022, anthu 87 ataphedwa m'masiku atatu okha, Pulezidenti Nayib Bukele anapempha nyumba ya malamulo kuti iimitse maufulu ena. Apolisi anapatsidwa mphamvu yomanga munthu osamuuza mlandu wake, ndi kumusunga masiku 15 asanaonekere kukhoti m'malo mwa maola 72. Pomatha 2024, anthu oposa 80,000 anali atamangidwa.

Phindu lake silingakanidwe. Boma linati mu 2024 ophedwa sanakwane awiri pa anthu 100,000 aliwonse, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Bukele anapambananso chisankho ndi mavoti oposa 80 pa 100 aliwonse. Ine sindingamudzudzule mayi amene anamuvotera chifukwa mwana wake anayamba kupita kusukulu mopanda mantha.

Komabe, monga wophunzira za zinenero, nkhawa yanga ili pa mawu. Lamuloli m'Chisipanishi limatchedwa régimen de excepción, kutanthauza dongosolo lapadera, losakhala la nthawi zonse. Linayenera kutha pa masiku 30, koma aphungu anakhala akuliwonjezera mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa zitatu. Mawu akuti "chigawenga" nawonso anagwira ntchito ya woweruza: munthu akangotchedwa choncho, anthu ankaleka kufunsa umboni. Maganizo akuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola anapweteketsa achinyamata ambiri a m'madera osauka. Bukele mwiniwake anavomera mu 2024 kuti anthu 8,000 osalakwa anatulutsidwa m'ndende. Mu 2025 aphungu anachotsanso malire a maulendo amene pulezidenti angaimire pa chisankho.

Kwa ife Amalawi zimenezi si zachilendo. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, mawu akuti "bata ndi mtendere" ankamveka paliponse, pamene Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Pomaliza, ndikuona kuti boma lili ndi udindo wogwira zigawenga, koma khoti ndilo liyenera kusiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa. Choncho munthu asanavomere kupereka ufulu wake, afunse kaye kuti udzabwezedwa liti, komanso kuti iye akadzamangidwa molakwika adzadandaula kwa yani.