Kusankha Malo Ogona pa Ulendo wa ku Mangochi

Kale makolo athu akakhala pa ulendo wautali, dzuŵa likapendeka ankapatukira m'mudzi umene wayandikira nakaonekera kwa anyakwaŵa. Anyakwaŵa ankafunsa kumene mlendoyo akuchokera ndi kumene akuloŵera, kenaka ankamupatsa madzi, nsima ndi mphasa. Mlendo sankalipira kanthu, pakuti akuluakulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Masiku ano apaulendo achuluka, motero kuli nyumba zimene ntchito yake ndi kugoneka alendo molipiritsa. Zazikulu timazitcha mahotela, zazing'ono timazitcha maresitihausi. Tsono mlendo ayenera kusankha yekha pogona pake, ndipo akasankha mosasamala angathe kutaya ndalama, katundu, ngakhale thanzi lake limene. M'phunziro lino tiona mmene munthu wanzeru amasankhira malo ogona akapita ku Mangochi.

Boma la Mangochi lili kummwera kwa nyanja ya Malaŵi. Tauni yake ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malaŵi ndi nyanja ya Malombe. Chiyambi chake ndi linga limene Angerezi anamanga m'chaka cha 1891, ndipo kwa zaka zambiri malowo ankatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mzinga umene unali pa sitima ya Guendolen pa nkhondo ya 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inachita ngozi m'chaka cha 1946.

Mlendo ayambe wadzifunsa kuti, "Kodi ndadzera chiyani?" Wodzagula nsomba kapena wodzazonda wodwala kuchipatala agone m'tauni, kufupi ndi msika ndi pokwerera basi. Wodzapumula angapite ku mahotela a m'mbali mwa nyanja monga a ku Nkopola ndi ku Makokola, ngati thumba lake likulola. Wofuna kukwera sitima ya Ilala agone ku Monkey Bay, kumene kuli doko. Wofuna kuona nsomba za mitundu yokongola zotchedwa mbuna apite ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, mmene muli malo ambiri ogona a mitengo yotsika. Dera limeneli lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980.

Akadziŵa dera, mlendo asathamangire nyumba imene yamukopa maso. Mbiri ya Cape Maclear ikutiphunzitsa zimenezi. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anafika pamalowo naona mchenga woyera, mapiri ndi doko labwino. Anamangapo mishoni ya Livingstonia. Koma malungo anawavutitsa, ena anamwalira, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda a ena mwa iwo akadalipo mpaka lero. Nthaŵi imeneyo anthu anali asanadziŵe kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu. Ife tikudziŵa, choncho tilibe podzikhululukira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga tiyang'ane chiyani? Choyamba, tipemphe kuona chipinda tisanalipire. Zithunzi za pa foni zimaonetsa mbali yokoma yokha. Tiyang'ane ngati pabedi pali masikito osang'ambika, ngati nsalu zofunda ndi zochapa, ndiponso ngati m'mphepete mwa matiresi mulibe nsikidzi. Tiyese chitseko ndi mazenera, tione ngati zikutsekeka bwino.

Chachiŵiri, tione chimbudzi ndi bafa, pakuti ukhondo wa nyumba umadziŵika kumeneko koposa pakhonde. Tifunsenso kumene kumachokera madzi akumwa. Madzi otunga m'nyanja angathe kuoneka oyera koma ali ndi tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsegula m'mimba. Ngati tikukayika, tiwaŵiritse kapena tigule a m'botolo lotseka.

Chachitatu, timvane za mtengo poyera. Kodi mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda chonse? Kodi chakudya cha mmaŵa chili pomwepo? Tikalipira tilandire lisiti. Nyumba yolongosoka imakhala ndi chiphaso cha boma ndi buku lolembamo maina a alendo, ndipo mwini wake sakwiya akafunsidwa zimenezi.

Chachinayi, tifunse za nyanja. M'madzi odekha, makamaka a m'mabango ndi m'udzu, mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. M'malo ena mumapezeka ng'ona ndi mvuu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumaomba mwera, umene umautsa mafunde aakulu mwadzidzidzi. Ndiponso nyanja imakwera ndi kutsika: m'chaka cha 2024 madzi anakwera kwambiri naloŵa m'nyumba zina zogona alendo za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Asodzi ndi eni mudzi ndiwo amadziŵa posamba pabwino ndi nthaŵi yoyenera kukwera bwato. Kumbukirani kuti safunsa anadya phula.

Kusamala posankha malo ogona si kwa ife tokha ayi. Mlatho waukulu wa pa Shire ku Mangochi unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo anthu a dziko limenelo ndi otchuka pa kalandiridwe ka alendo. Kwawoko kuli akasupe ambiri a madzi otentha, onga amene ife tili nawo ku Maŵira m'boma la Nkhotakota, ku Chiŵeta m'boma la Rumphi ndi kufupi ndi Liwonde. Madzi a mvula amaloŵa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa ndi miyala yotentha ya pansi kwambiri, kenaka amatumphukanso pamtunda. Pafupi ndi akasupe otere Ajapani anamanga matauni monga Beppu ndi Kusatsu, okhala ndi nyumba za alendo zamakolo zotchedwa ryokan. Ina mwa nyumbazi, ya Nishiyama Onsen Keiunkan, inayamba kulandira alendo m'chaka cha 705.

Mjapani posankha ryokan amafunsa mafunso onga athu omwe aja: kutalika kwa mtunda kuchokera pokwerera sitima ya pamtunda, ngati madzi osambamo ndi ochokeradi pakasupe, ndi ngati mtengo ukuphatikizapo chakudya cha madzulo ndi cha mmaŵa. Koma akaloŵa m'nyumbamo amatsata mwambo wake. Amavula nsapato pakhomo. Amagona pa matiresi oyala pansi, pa mphasa zotchedwa tatami. Asanaloŵe m'dziŵe la madzi otentha amayamba wasamba thupi lonse ndi sopo pambali, kuti asadetse madzi amene anzake aloŵamonso. Iwo amadziŵa kuti kulipira ndalama sikupatsa mlendo ufulu wonyoza eni nyumba.

Ifenso tikafika ku Mangochi tikumbukire kuti tafika pamudzi pa eni ake. Anthu ambiri a m'bomali ndi Ayao, ndipo ochuluka mwa iwo ndi Asilamu. Zovala zosambira zithere kugombe; m'mudzi ndi pamsika tivale modzilemekeza. Tisasokose pafupi ndi mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadhani tisadye moonetsera pamaso pa anthu amene akusala. Tisajambule munthu tisanapemphe. Tisataye mapulasitiki ndi mabotolo pamchenga, pakuti nyanjayo ndiyo munda wa asodzi, ndipo chambo ndi usipa zimene timadya ngakhale kumtunda zimachokera mmenemo.

Mlendo amene wafunsa, waona ndi maso ake, nalemekeza eni malo, amagona tulo tabwino. Potsazika eni nyumba amamuuza kuti, "Mudzabwerenso," ndipo amanena zochokera pansi pa mtima.

Mawu Ofunika Kuwadziŵa

nyakwaŵa: mfumu ya mudzi
linga: malo otchingidwa mmene asilikali amadzitetezeramo
mzinga: mfuti yaikulu ya nkhondo
doko: malo okocheza sitima ndi mabwato
chiphaso: kalata ya boma yololeza munthu kugwira ntchito ina yake
mwera: mphepo yamphamvu yochokera kummwera

Mafunso

1. Kodi makolo athu ankagona kuti akakhala pa ulendo?
2. Tchulani zinthu zitatu za mbiri yakale zimene zili pafupi ndi mlatho wa ku Mangochi.
3. N'chifukwa chiyani amishoni anachoka ku Cape Maclear m'chaka cha 1881?
4. Fotokozani zinthu zinayi zimene mlendo ayenera kuona kapena kufunsa asanalipire chipinda.
5. Kodi madzi a pa akasupe ena amatentha chifukwa chiyani?
6. Ndi makhalidwe ati a alendo a ku Japan amene akufanana ndi mwambo wathu?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a miyambi itatu imene ili m'nkhaniyi, ndipo pangani chiganizo chanuchanu ndi mwambi uliwonse.
(b) Aŵiriaŵiri, chitani kaseŵero: mmodzi akhale mwini resitihausi, wina akhale mlendo amene wafika madzulo.
(c) Lemberani kalata amalume anu amene akufuna kupita ku Monkey Bay, muwalangize za kasankhidwe ka malo ogona.