Mmene Buku la Malangizo a Malaibulale a Ana Linakonzedweranso

Wadi ikaganiza zotsegula laibulale, zokambirana zambiri zimathera pa njerwa, malata ndi mashelefu. Funso lakuti mwana adzapezamo chiyani limafunsidwa nyumba itatha kale. Akatswiri a malaibulale ali ndi buku la malangizo loyankha funsoli, ndipo njira imene anatsata polikonzanso ili ndi phunziro kwa makomiti a chitukuko.

Chiyambi cha bukuli

Bungwe la IFLA, lomwe limasonkhanitsa mabungwe a malaibulale pa dziko lonse, linakhazikitsidwa mu 1927 ku Edinburgh, ndipo likulu lake lili ku The Hague m'dziko la Netherlands. Mu 2003 bungweli linatulutsa malangizo a kayendetsedwe ka malaibulale a ana. Patapita zaka 15, mu 2018, linatulutsa buku lokonzedwanso, lomwe mkonzi wake anali Carolynn Rankin wa ku Britain.

Chifukwa chokonzeranso

M'zaka zimenezo ana ambiri anayamba kuwerenga ndi kufufuza zinthu pa kompyuta, pa foni ndi pa intaneti, kotero malangizo akale anatsalira. Msinkhu wa ana nawo unafunika kuunikanso. Kale malangizo a makanda ndi a achinyamata anali m'mabuku osiyana, koma buku la 2018 likukhudza mwana aliyense kuyambira pobadwa kufikira zaka 18. Msinkhu umenewu ndi wofanana ndi wa m'Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe dziko la Malawi linavomereza mu 1991. Malamulo aakulu a dziko lino nawonso anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 adziwike kuti ndi mwana.

Mmene ntchito inayendera

Ntchitoyi sinagwiridwe ndi munthu mmodzi. Gawo la IFLA loona za ana ndi achinyamata linasankha akatswiri a m'maiko osiyanasiyana, amene anaunika buku lakale, nalemba mawu atsopano, nawapereka kwa anzawo kuti apereke ndemanga. Atakonza zolakwika, bungweli linavomereza bukulo. Ndemangazo zinali zofunika chifukwa malangizo olembedwa ndi anthu a dziko limodzi akanalephera kuthandiza laibulale ya kumudzi yopanda magetsi.

Bukuli lili ndi zigawo 7: cholinga cha laibulale ya ana, luso la woyang'anira, kasankhidwe ka mabuku, zochitika zofikira anthu m'madera, kakonzedwe ka chipinda, kulengeza za laibulale, ndi kuunika ngati ntchito ikupindulitsa ana. Likutsindika kuti mabuku akhale m'zinenero zimene ana amalankhula, kuti ana olumala alowe ndi kuwerenga mosavutika, ndiponso kuti ana eni akewo afunsidwe maganizo.

Phunziro kwa wadi

Makomiti a VDC ndi ADC akamalemba mapulani a chitukuko angatsate njira yomweyo: kuunika zimene zilipo, kufunsa aphunzitsi, makolo, alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi ana, kenako kubwerera ku pulaniyo pakapita nyengo. Popanda kufunsa kotere, ndalama za anthu zingamange chipinda chodzaza mabuku a mayeso a sekondale okhaokha, mwana wa zaka 6 n'kusowa buku la nthano m'chinenero chake pa msinkhu umene akuphunzira kuwerenga. Bungwe la National Library Service, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, ndilo loyenera kufunsidwa uphungu ntchito yomanga isanayambe.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa wadi

1. Kodi ana osakwana zaka 6 a m'wadi muno amapeza kuti mabuku?
2. Kodi mwana woyenda pa njinga ya olumala angalowe m'malo owerengera amene alipo?
3. Kodi pulani ya laibulale idzaunikidwanso liti, nanga adzaitanitse ndemanga ndani?