Kompyuta yakale ikalemedwa ndi Windows yatsopano: fizikisi yake ndi njira yobwerera

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire safuna kuufotokoza. Ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula, kutentha kumatha kupyola 40°C masana. Ndi nthawi ngati imeneyi pomwe laputopu yanga inangozima yokha ndili mkati molowetsa malikisi a mayeso a Fomu 4. Ndinayatsanso, inayenda mphindi zochepa, n'kuzimanso. Mtima unali m'mwamba, chifukwa malikisiwo ndinalibe nawo pena paliponse.

Vuto ndinaliputa ndekha. Laputopuyo ndi yakale, ili ndi RAM ya 4 GB ndi hard disk yozungulira, ndipo inkayenda bwino ndi Windows 10. Ine kutengeka ndi zatsopano, ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza mafoni kuti andiikire Windows 11, ngakhale makinawo sankakwanitsa zina mwa zofunika. Microsoft inatulutsa Windows 11 mu Okutobala 2021, ndipo imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira 64 GB, purosesa yatsopanoko komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Mnyamatayo anadziwa njira yozembera malamulowo. Koma malamulo a fizikisi sazembeka.

Lichero ndi nkhokwe

Tiyambe ndi funso loti, n'chifukwa chiyani kompyuta imachedwa? Taganizani mayi akupeta mapira. Lichero ndi RAM: zomwe akugwirira ntchito panopa zili pomwepo, pafupi ndi manja. Nkhokwe ndi hard disk: imasunga zambiri, koma kuti utenge kanthu uyenera kunyamuka.

Operating system, monga Windows, ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, ndipo nayo imatenga malo palichero. Ikakhala yolemera, lichero limadzaza musanatsegule n'komwe Word. Zikatero kompyuta imayamba kusamutsira zina kunkhokwe n'kumazitenganso, uku ndi uku.

Tiwerengere. Hard disk ya laputopu zambiri zakale imazungulira ka 5,400 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza ka 90 pa sekondi, kutanthauza kuti kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi 0.011 ya sekondi. Mungati ndi liwiro, eti? Koma RAM imayankha m'kanthawi kosapitirira 0.0000001 ya sekondi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 100,000. Ndiye kambewa kakamangozungulira pasikirini, dziwani kuti mayi aja ali paulendo wa kunkhokwe.

Nanga kutenthako?

Mu Fomu 3 tinaphunzira kuti energy siwonongeka, imangosintha maonekedwe. Pafupifupi magetsi onse olowa mu kompyuta amathera kukhala kutentha. Purosesa ikamagwira ntchito yambiri, imakoka mphamvu zambiri, kutentha n'kuchuluka.

Kutenthako kumatuluka motere: kumayenda m'kapaipi ka kopa, kenako fani imakankha mpweya kuti ukuchotse mwa convection. Mfundo yaikulu nayi: kutentha kumayenda mofulumira pamene kusiyana kwa temperature kuli kwakukulu. Tinene kuti purosesa ili pa 80°C. Mnzanu wa ku Dedza, m'chipinda cha 20°C, ali ndi kusiyana kwa madigiri 60. Inu ku Nsanje, m'chipinda cha 40°C, muli ndi madigiri 40 okha. Laputopu yomweyo, ntchito yomweyo, koma yanu ikutaya kutentha pang'onopang'ono. Onjezanipo fumbi lomwe latseka timabowo ta mpweya. Purosesa ikayandikira 100°C imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo zikakanika, imazimitsa makina. Zanga zija zinali zimenezi.

Batire nayo imamva. Energy = power × nthawi. Batire ya 40 Wh, laputopu ikamakoka 10 W, ikhala maola 4. Ikamakoka 25 W, ikhala maola 1.6, lomwe ndi ola limodzi ndi mphindi 36. Kwa amene amadalira sola, kapena magetsi akazima usiku wowerengera mayeso, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Musanathamangire kubwerera

Masiku oyambirira mutasintha Windows, kompyuta imatanganidwa ndi kusanja mafayilo ndi kutsitsa ma update. Ipatseni tsiku limodzi kapena awiri. Tsegulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muone Memory ndi Disk. Ngati Disk ikungokhala pa 100% ndipo Memory yatsala pang'ono kudzaza musanatsegule kalikonse, masiku n'kumapita osasintha, katunduyo waichulukira.

Kubwerera kwake

Choyamba, koperani mafayilo anu onse pa fulashi kapena pa memory card. Osadumpha sitepe imeneyi. Ine ndinadikira m'mamawa kukadali kozizira, ndinaika laputopu pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kukopera malikisi aja ndisanakhudze china chilichonse.

Chachiwiri, ngati Windows yatsopano inaikidwa pamwamba pa yakale ndipo sipanathe masiku 10, pitani pa Settings, System, Recovery, mudine Go back. Makina amasunga Windows yakale m'foda yotchedwa Windows.old, ndiye musaifufute pofuna kupeza malo. Lumikizani chaja, ndipo onetsetsani kuti batire yadzaza, chifukwa moto ukathera pakati makina angakane kuyaka. Kumbukiraninso password yakale. Ine ndinapulumukira pamenepa, linali tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Chachitatu, ngati masiku 10 adutsa, kapena wokuikiraniyo anafufuta zonse n'kuyamba mwatsopano, Go back sagwira. Mudzafunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa yokhala ndi system yomwe mukufuna, n'kuiika kuyambira pachiyambi. Njira imeneyi imatha kufufuta zonse za pa disk, n'chifukwa chake sitepe yoyamba ija.

Chenjezo

Kubwerera kuli ndi mtengo wake. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. System yosiyidwa imayendabe, koma mipata yatsopano yomwe akuba a pa intaneti apeza sitsekedwanso. Yotere musamalowere nayo ku akaunti ya kubanki, ndipo musamabayepo fulashi iliyonse yochokera kobanitsa nyimbo. Ngati mukufuna system yopepuka koma yothandizidwabe, yesani Linux Mint Xfce kapena Lubuntu. N'zaulere, ndipo mutha kuziyesa kuchokera pa fulashi musanaziike. Mukapeza kandalama, kusintha hard disk n'kuika SSD kumathandiza kwambiri, poti SSD ilibe chozungulira.

Yeserani

1. Hard disk ina imazungulira ka 7,200 pa mphindi. Kuzungulira kamodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji?
2. Batire ya sola ya 12 V, 50 Ah ili ndi ma Wh angati? Ngati mugwiritsa ntchito theka lake lokha, laputopu ya 30 W iyenda maola angati?
3. Fotokozani chifukwa chake kuika laputopu pa matiresi kumaitenthetsa kuposa kuiika pa njerwa ziwiri.

Mayankho mubwere nawo Lolemba, mutaonetsa njira yonse yowerengera.