Phunziro: Mawu Akuti "Zakumtundu"

Amayi anzanga, mwana akabadwa timamuzungulira n'kumati, "Mphuno iyi ndi ya agogo ake!" Tikati chinthu n'chakumtundu tikutanthauza kuti mwana watengera kwa makolo. Mtundu pano si Achewa kapena Ayao ayi, koma magazi a banja.

Mawuwa amapweteka akafika pa matenda. Ndili namwino ndinaona amayi akusiyidwa ukwati atabereka mwana wachialubino, apongozi n'kumati, "Zimenezi n'zakwanu, kwathu kulibe." Zoona zake n'zakuti mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi. Chialubino ndi nthenda ya sickle cell zimatuluka pokhapokha makolo onse awiri ali ndi kambewu kake, ngakhale iwowo akuoneka bwinobwino. Zikatero, mimba iliyonse ili ngati kupisa m'thumba la nyemba 4 momwe imodzi yokha ndi yofiira. Palibe wolakwa. Werengani Yohane 9:1-3 muone mmene Ambuye anayankhira ofunafuna woti amuloze chala.

Tisamalenso, si nthenda iliyonse yoyendayenda m'banja ndi yakumtundu. Chifuwa chachikulu timapatsirana kudzera mu mpweya, ndipo nthawi zambiri chimatha ndi mankhwala a miyezi 6. Tikachitcha chakumtundu, wodwala amangokhala pakhomo n'kupatsira ana. Koma BP ndi shuga zimatsatadi magazi. Ngati makolo anu anali nazo, kayezetseni musanayambe kudwala.

Mafunso okambirana:
1. Kwanuko ndi matenda ati amatchedwa akumtundu?
2. Mpongozi wanu atabereka mwana wachialubino, mungamuuze chiyani mwana wanu wamwamuna?